Usiku umene ndinatsatira chikwama changa ku Dar es Salaam

Ulendo wanga woyamba wa ku Dar es Salaam, m'chaka cha 2022, sindinakonze zoti ndiyende ndekha. Tinapangana ndi mayi wina woyandikana naye benchi mumsika ku Lilongwe, amene anali atapitako kangapo kukaoda nsapato ndi zikwama, kuti tidzanyamukira limodzi akandionetse njira. Kutatsala masiku awiri, mwana wake anagonekedwa m'chipatala. Ine ndalama ndinali nditatenga kale ku banki m'khonde, chiwongoladzanja chayamba kale kuyenda, moti kudikira mwezi wina kukanakhala kudya mpamba. Anandilembera papepala maina a misewu ya ku Kariakoo, dera la msika waukulu wa ku Dar, ndi dzina la malo ogona, nati, "Asisi, musaope. Mukangotsika basi mukwere takisi, mawa lake muyambe kugula." Iye anali atazolowera, ndiye anaiwala kundiuza kuti takisi yake ikhale yotani.

Ndinadutsa Mzuzu ndi Karonga, n'kufika pa Songwe dzuwa litapendeka. Pasipoti ya Malawi sifuna viza ku Tanzania, amangodinda basi. Ndinawoloka mlatho wapansi kupita ku Kasumulu, anyamata osintha ndalama atandizinga ngati ntchentche pa usipa. Apo ndinachenjera ndithu: ndinasintha zochepa, ndinawerenga kawiri, ndipo sindinalole kuti ndalama zimene ndawerenga kale zibwererenso m'manja mwa mnyamatayo, poti m'kubwereza kuwerengako ndi mmene zina zimasowera. Ndinagona ku Kyela. Pogula tikiti anandiuza kuti basi inyamuka "saa kumi na mbili", kutanthauza ola la 12, ine n'kumaganiza kuti ndi 12 koloko masana, ndikhala ndi nthawi yogula simu kadi m'mawa. Mwayi wake mtsikana wa pamalo ogonapo anandifotokozera kuti anzathuwa amayamba kuwerenga maola dzuwa likamatuluka: 7 koloko m'mawa ndiye saa moja, choncho saa kumi na mbili ndi 6 koloko m'mamawa. Kuwonjezera apo, nthawi yawo ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi. Basi ndinaipeza, koma simu kadi sindinagule. Ndinati ndikagula ndikafika.

Kuchokera ku Kyela kukafika ku Dar ndi makilomita opitirira 800. Tinadutsa m'minda ya tiyi ya ku Tukuyu, ku Makambako, ku Iringa, tinatsika phiri la Kitonga aliyense atagwira mtima m'manja, tinaona mbidzi ndi njovu m'mbali mwa msewu ku Mikumi. Nthawi imeneyo mabasi a ku Tanzania sankaloledwa kuyenda usiku wonse, choncho ankanyamuka m'mamawa n'kukafika kutada. Ife tinalowa mu depoti yaikulu ya Magufuli, ku Mbezi, itadutsa 10 koloko usiku. Miyendo itatupa, mutu ukuwawa, foni ili m'manja koma yopanda netiweki, Chiswahili chimene ndinkadziwa chinali "asante" (zikomo) yekha.

Ndikukoka chikwama changa chachikulu, ndinangomva kumbuyo kwanga, "Achemwali, mwafika bwino? Kumudzi kuli bwanji?"

Amene sanakhalepo yekha pakati pa anthu olankhula chinenero chachilendo sangamvetse mmene mawu amenewo anandikomera. Mtima unangoti myaa. Anali bambo wooneka bwino, shati yopisira, wausinkhu wa achimwene anga. Anati kwawo ndi ku Mangochi, wakhala ku Dar zaka zambiri, amathandiza amayi a geni ochokera kumudzi. Pambuyo pake m'pamene ndinazindikira chimene chinandiulula: ndinali nditadzimangira chitenje cha amayi a kutchalitchi kwathu, cholembedwa vesi m'Chichewa ndi malemba akuluakulu. Ndinali ngati chikwangwani choyenda.

Ndinamuonetsa kapepala kaja. Anati malowo akuwadziwa, ali ndi mnzake wa takisi wosadula. Ndisanavomere n'komwe, anali atanyamula kale chikwama changa n'kuyamba kuyenda. Apa mpamene panagona nkhani yonse. Mumtima china chake chinkandiuza kuti ayi, koma pakamwa panakanika kutuluka mawu. Ndimukalipire bwanji munthu wamkulu amene wandipatsa moni waulemu chonchi? Adzati Amalawi anzathu ndi osayamika. Ndinangotsatira chikwama changa ngati mbuzi yotsatira chingwe, kudutsa pomwe panali magetsi ndi alonda, kutuluka pageti, mpaka pamalo ena amdima pomwe panaima kagalimoto kakang'ono.

Iye anakhala kutsogolo ndi dalaivala, ine kumbuyo. Tinayenda pang'ono mumsewu waukulu wa Morogoro tikucheza za mtengo wa chimanga ndi za chambo. Kenaka galimoto inaima, mnyamata wina analowa n'kukhala pambali panga. "Ndi m'bale wa dalaivala, atsikira kutsogoloku." Posakhalitsa tinapatuka kulowa kamsewu kafumbi. Ndinayesa chitseko mwakachetechete, sichinatseguke. Mnyamata uja anatulutsa mpeni n'kuuika pabondo pake, osalankhula kanthu. Wa kutsogolo uja anatembenuka, mawu ake osasintha ngakhale pang'ono, aulemu omwe aja: "Achemwali, musakuwe. Tipatseni zonse, sitikupwetekani."

Amayi anzanga mukudziwa chimene ndinkaopa kwambiri nthawi imeneyo, ndipo sizinali ndalama. Ndinapereka kachikwama ka m'manja, momwe munali foni ndi mashilingi 150,000. Anafunsa khadi ya ku banki, ndinalibe. Kenaka anamuuza mnyamata uja m'Chiswahili, iye n'kumasula mfundo ya pakona ya chitenje changa, pomwe ndinamangapo zina zochepa. Anandiuzanso kuti nditulutse ndekha za mu bra. Malo onse amene ife amayi a ku Malawi timabisamo ndalama ankawadziwa bwino lomwe. Chimene sanadziwe n'chakuti mpamba weniweni, madola pamodzi ndi pasipoti, unali m'kathumba kamene telala wa pafupi ndi kwathu anandisokera m'kati mwa kabudula wothina, cha pantchafu. Nzeru imeneyo inali ya amayi anga ondibereka, ndipo tsiku limene ankandiuza ndinaseka.

Ananditsitsa pamalo ena, anandiponyera chikwama chachikulu chija atachifwanthula, muli zovala zokha ndi matumba opanda kanthu. Wa ku Mangochi uja, ngati analidi wa ku Mangochi, anatulutsa dzanja pawindo n'kundipatsa mashilingi 5,000 pa ndalama zanga zomwe, ati ndikwerere. Mpaka lero ndikakumbukira ndalama imeneyo ndimakwiya kuposa mmene ndimakwiyira ndi mpeni uja.

Ndinayenda kulondola kuwala mpaka ndinapeza mayi wina akutsuka mapoto pamalo ake ogulitsira zakudya. Amayi otere kumeneko amawatcha mama ntilie. Sitinkamvana chinenero, koma anangondiyang'ana kumaso n'kundikokera benchi. Anandipatsa tiyi wa zonunkhira, anandibwereka foni. M'mutu mwanga munali nambala imodzi yokha, ya mng'ono wanga, ndipo ndinaiiwala kawiri ndisanaikumbuke yonse. Mayiyo anaitana mnyamata wa bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, amene amamudziwa, anamulankhula mwamphamvu akumuloza chala, anawerenga nambala ya bajajiyo mokweza kuti mnyamatayo amve kuti yasungidwa. Ndinafika pamalo ogona cha m'ma 1 koloko. M'mawa mwake ndinakanena kupolisi, ndinagula kafoni kotchipa, ndipo ndinaoda katundu wanga. Kubwerera chimanjamanja sikukanatheka, a banki m'khonde samva za mpeni.

Kuchokera nthawi imeneyo ndapitako maulendo ambiri, pafupifupi onse ndekha, ndipo sanandiberenso. Sindikuti ndine wochenjera kuposa ena, koma pali zimene ndinasintha.

Simu kadi ndimakhala nayo ndisanakwere basi ya ku Dar. Amalembetsa ndi pasipoti, ndipo ndi bwino kukalembetsa mushopu yeniyeni ya kampani ya foni kusiyana ndi kwa mnyamata wa pansi pa ambulera amene angakupatseni nambala yolembedwa m'dzina la munthu wina. Ndimaikamo bandulo ya intaneti, ndimatchaja foni ndi pawabanki, ndipo ndalama zina ndimaziika mu M-Pesa kapena Airtel Money kuti zisakhale zonse pathupi. Nambala zitatu ndimazilemba papepala: ya kunyumba, ya malo ogona, ndi ya ofesi ya kazembe wa Malawi ku Dar es Salaam, komwe munthu amathamangira pasipoti ikasowa. Ya polisi pa ngozi ndi 112. Fotokope ya pasipoti imakhala m'chikwama china, chithunzi chake chili pa WhatsApp ya mng'ono wanga.

Nthawi yofikira nayonso ndinaisintha. Kuyambira mu Okutobala 2023 mabasi analoledwa kuyenda usiku, choncho zikutheka kunyamuka madzulo n'kufika ku Mbezi kutacha. Ena amaopa kutsika Kitonga mumdima, ndipo sindingawatsutse, koma ine ndinasankha kufika mumzinda wa anthu opitirira 5 miliyoni dzuwa likuwala. Zikavuta n'kufika usiku, sindituluka pageti wapansi. Ndimakhala pomwe pali magetsi ndi amayi ena, ndimaitanitsa galimoto pa Bolt, njira yoitanira takisi pafoni, kapena ndimaimbira a pamalo ogona kuti anditumizire dalaivala wawo. Ikafika ndimafanizira nambala ndi imene ili pafoni ndisanatsegule chitseko, ndimatumiza ulendowo kwa mng'ono wanga, ndipo ndimalankhula naye mokweza kuti dalaivala amve. Akati tizimitse ulendo wa pafoni tigwirizane patokha, ndimatsika. Mukakhala kale munthu wina m'galimotomo, sindikwera, ngakhale akhale mzimayi wobereka mwana. Chinanso chimene sindinkadziwa usiku uja: kwathu tinazolowera kuti galimoto ya matola yovomerezeka imakhala ndi nambala zofiira, pomwe ku Tanzania za malonda zimakhala ndi chikwangwani choyera, za anthu wamba chachikasu. Kagalimoto kaja kanali ndi chachikasu.

Koma chachikulu chimene ndinaphunzira ndi kukana. Ife tinaleredwa kuti mwana wamkazi sayankha mwamwano, mlendo sakana chakudya, wamkulu akalankhula umagwada. Akuba a m'madepoti amadziwa zimenezi ndipo ndi zimene amadyerapo. Safuna kukuthamangitsa, amangofuna uchite manyazi. Tsopano chikwama changa sichigwiridwa ndi munthu amene sindinamutume. Wina akachigwira ndimaima pomwepo, sindimutsatira, ndimanena mokweza kuti "Acha!" (siya!) kuti anthu atembenuke. "Hapana, asante" (ayi, zikomo) ndi "Sitaki" (sindikufuna) ndimazinena nkhope ili gwa, osamwetulira, chifukwa kumwetulira kwathu kuja ena amakuwerenga ngati kuvomera. M'basi sindilandira bisiketi, juwisi kapena madzi otsegula kale kwa munthu amene ndakumana naye paulendo, ngakhale tacheza ulendo wonse. Nkhani za anthu ogonetsedwa ndi mankhwala n'kudzuka alibe kalikonse zimamveka m'misewu italiitali yonse ya kuno kwathu. Zimandipweteka kukana, makamaka akakhala mayi wachikulire, koma ndimangoti m'mimba simuli bwino.

Wondilankhula Chichewa ndimamuyankha, sindine wamwano. Amalawi okhulupirika ku Dar alipo ambiri, ena ogwira ntchito kudoko, ena otumiza katundu kumudzi, ndipo andithandizapo kwambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti amenewo ndinachita kuwapeza ine kudzera mwa anthu amene ndimawadziwa. Amene wandipeza yekha padepoti, ndili wotopa, n'kuyamba kufunsa ngati ndili ndekha, ndikagona kuti, ndabwera kudzaoda chiyani, ameneyo amamva kuti amuna anga akundidikira panja. Chitenje cha kutchalitchi chija chimatsala kunyumba.

Ku Kariakoo nkhani yake ndi ina. Dzinali akuti linachokera ku gulu la amtengatenga a asilikali a Britain pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo mpaka lero ndi malo a anthu osenza katundu. Mumsewu wa Congo, komwe kuli zovala, nthawi zina phazi limasowa poponda. Ku Msimbazi, ku Aggrey, ku Mchikichi, ngolo zokankha, njinga zamoto ndi anthu zonse zimalimbirana kanjira kamodzi. Kachikwama kamakhala kutsogolo, dzanja lili pazipi. Foni sindiitulutsa pakati pa msewu. Ndikafuna kuona mapu kapena kuyankha kasitomala, ndimalowa mushopu. Ndalama zoodera ndimazigawa m'zigawo ndisanachoke kuchipinda, kuti polipira nsapato ndisaonetse za zikwama. Za m'kabudula zija ndimakazitulutsira kuchimbudzi.

Kuli anyamata otchedwa mawinga, madobadoba a kumeneko, amene alibe shopu koma amakutengera kwa mwini katundu n'kuikapo yawo pamwamba. Ambiri si akuba, ndipo tsiku loyamba angakupulumutse maola ambiri. Koma akati katundu wabwino ali kusitolo, pansanjika yachinayi kapena kuchipinda cha pansi pa nthaka, ine ndimati akatenge sampulo ndidikira pano. Poyamba ndinkakana poopa kutsekeredwa ndekha ndi amuna osawadziwa. Chichokereni pa 16 Novembala 2024, pomwe nyumba yosanja inagwa ku Kariakoo komweko n'kupha anthu, ndili ndi chifukwa chachiwiri chosakondera zipinda za pansizo. Wonyamula katundu ndimamutenga amene mwini shopu akumudziwa, ndipo ndimayenda pambuyo pake, osati patsogolo. Lisiti ndimaitanitsa nthawi zonse, mabelo ndimawalemba dzina ndi kuwajambula ndisanawasiye kwa otumiza.

Mawu amodzi oti musamale nawo ndi "mwizi", kutanthauza wakuba. Mukakuwa mawu amenewo pagulu, anthu amamugwira munthuyo n'kumumenya, mwina mpaka kumupha, monga zimachitikiranso m'misika yathu. Foni yanga sindingaifanizire ndi moyo wa mwana wa munthu, makamaka ngati sindinamuonetsetse.

M'misewu yooneka yabata, ya kumadera a anthu olemera monga ku Masaki ndi ku Oyster Bay, kapena m'mbali mwa nyanja, m'mene mumachitika zotsomphola zikwama. Galimoto kapena njinga yamoto imadutsa pafupi, dzanja n'kutuluka. Ngati lamba wa chikwama wadutsa pakhosi ndi m'khwapa, amakukhwekhwereza pa tala. Choncho kumeneko ndimayenda moyang'anizana ndi magalimoto, chikwama chili mbali yotalikirana ndi msewu, chopachika paphewa limodzi kuti wina akachikoka chipite chokha. Mu bajaji namonso chimakhala pansi pakati pa miyendo, poti m'mbali mwake ndi mosatseka.

Mabasi a mwendokasi, aja ali ndi msewu wawowawo kuchokera ku Kimara kukafika ku Gerezani ndi ku Kivukoni, ndi otchipa ndipo sakhala pamzere wa magalimoto. Koma m'mawa ndi madzulo amadzaza moti munthu umapuma mpweya wa mnzako, ndipo m'kuthithikana momwemo ndi momwe manja ena amalowa m'thumba, ena amagwira posayenera. Zinandichitikirapo kamodzi. Ndinatembenuka n'kunena mokweza kuti "Niache!" (ndisiye!), amayi awiri amene anali pafupi anamutsira mawu bamboyo mpaka anatsika pa siteji yotsatira. Masiku ano ndimakwera cha m'ma 10 koloko m'mawa kapena masana. Kavalidwe sindikuti ndiko kamachititsa, ine tsiku limenelo ndinavala diresi lofika m'mapazi. Komabe ku Kariakoo kuli Asilamu ambiri, ndipo ndinaona kuti ndikavala zazitali n'kudziponyera kanga, nsalu yonga chitenje, paphewa, ndimasowa pakati pa amayi ena, palibe wondicheukira. Kwa mayi wachikulire ndimayamba ndi "Shikamoo", moni waulemu wopatsa akuluakulu, ndipo ndikasochera ndimafunsa amayi ogulitsa kapena kulowa mu famase, osati kuima pamphambano n'kumayang'ana uku ndi uku.

Malo ogona ndimalipira okwererako pang'ono, kusiyana kwake ndimakuwerengera ngati mbali ya mtengo wa katundu. Ndimafuna pokhala ndi munthu pa risepushoni usiku wonse, chitseko chokhala ndi loko wa m'kati, ndiponso popanda bala pansi pake. Ndimayenda ndi kamtengo kosema ngati mphero, kamene ndimakhomera pansi pa chitseko ndikamagona. Wina akagogoda usiku ati ndi wa pamalopo, ndimaimba kaye ku risepushoni. Ndisananyamuke kumudzi ndimamveranso nkhani za kumeneko: pa chisankho cha mu Okutobala 2025 kunali zipolowe, anthu analetsedwa kuyenda usiku ndipo intaneti inazimitsidwa masiku angapo. Mzimayi amene ali yekha, kudalira foni pa takisi ndi pa ndalama, masiku otere ndi oti akhale ali kwawo.

Ndisakuopsezeni mopitirira. Dar ndimaikonda. Ndikamaliza kuoda ndimadya chipsi mayai (tchipisi chokazinga ndi mazira), ndimamwa madzi a nzimbe othira jinja, ndimakwera pantoni kuwolokera ku Kigamboni kungofuna kuona nyanja ya mchere ndi zombo zikuluzikulu zikulowa padoko. Anthu ambiri amene ndakumana nawo ali ngati mayi wa mapoto uja. Ndinayesapo kumufunafuna kuti ndikamupatse chitenje, koma usiku uja sindinadziwe n'komwe dera limene ananditaya.

Ulendo wathawu, ndikudikira galimoto ku Mbezi m'mamawa, ndinaona mtsikana atakhala pa chikwama chake, akuyang'ana kapepala, m'manja muli jumbo ya shopu ina ya ku Mzuzu. Anyamata awiri anali atayamba kale kumuzungulira. Ndinapita n'kumufunsa kuti, "Asisi, mukupita ku Kariakoo? Tiyeni tikwerere limodzi, galimoto yanga ikubwera." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anakokera chikwama chake pakati pa miyendo, nati, "Ayi zikomo, amuna anga akubwera kudzanditenga." Mphete analibe. Ndinamva kuwawa pang'ono, kenaka ndinaseka ndekha. Ndinamulozera benchi ya pafupi ndi alonda pomwe panakhala amayi ena, ndipo ndinaimirira chapatali mpaka ndinamuona akufanizira nambala ya galimoto ndi ya pafoni yake. Dalaivala wanga anali ataimba kale kawiri.